Nkhata ya pa Chidendene

Chaka chimene nkhondo inangotha kumene, mayi ako, iwe Lusiya, asanaganiziridwe n'komwe, ine ndinali mnyamata wa ndevu zowerengeka, ndipo ndinali ndi nsapato zatsopano ngati zimene watulutsa m'bokosizi. Tabwera nazo kuno ndizione. Ee, n'zokongola, zikununkhabe m'loja, m'sitolo mmene wazigula. Ndiye ukuti Loweruka mukakwera phiri ndi anzanu a kuntchito, iwe ndi Amina mnzakoyu, ndipo uzivala koyamba tsiku lomwelo kuti zisade? Khalani pansi nonse awiri, mthunzi wa msawu salipira. Dziko latembenuka ndithu. Ife tinkayenda pansi chifukwa chosowa galimoto, koma inu mukukwera shapa, timinibasi tija, kukafunafuna malo oti mukayendeko pansi, n'kumajambulana muli thukuta kamukamu. Sindikunyoza ayi, kuyenda n'kwabwino, koma misewu yasintha, nsapato zasintha, phazi lokha likadali lomwe lija.

Tinali titangobwerako ku Malawi kumene tinathawira, ndipo titafika kwathu ku Tsangano tinapeza nyumba itagwa, munda uli tchire lokhalokha. Bambo anga tinawasiya m'manda a kuchilendo, ndiye ndinatsala ine wamkulu, ndi mayi anga, ndi abale anga atatu aang'ono amene ankagona ndi phala la mchere. Kenaka malume anga amene ankakhala kuno ku Tete anatumiza uthenga wakuti pa alimazeni ina, nyumba yaikulu yosungira chimanga, adzalemba anthu onyamula matumba Lolemba, ife tinkati Sigunda, seti ora, ndiye kuti seveni koloko m'mawa. Anatinso kapitawo wa pamenepo safunsa za sukulu. Amangokusenzetsa thumba, n'kukuuza kuti ukwere nalo pathabwa mpaka m'galimoto, ndipo munthu wotsimphina samuyang'ana kawiri. Ntchito imeneyo ndiyo inali chakudya cha anthu asanu, ndipo ina panalibe.

Nsapato zanga ndinazipeza pa kalamidadi, zovala zakunja zija zimene anzathu a ku Malawi amati kaunjika. Zinali zakuda, zachikopa cholimba, zowala moti ndinkadzionerapo nkhope, ndipo zinkandithina pang'ono, koma ndani akanadandaula za kuthina pa nsapato zoyamba m'moyo wake? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinakwera galimoto la mbatata Lachinayi, ndipo litafika pa mphambano ya Musakama linatsokomola kawiri n'kufa. Woyendetsa anatsegula kutsogolo, anapukusa mutu, n'kunena kuti chitsulo chathyokacho akachitenga ku Malawi, tidikire sabata. Masiku amenewo magalimoto anali owerengeka, ndipo ochepa odutsawo sankaimira munthu pamsewu, mantha a nkhondo anali asanathe. Panatsala masiku atatu, ndipo ulendo wa pansi kuchoka pamenepo kufika ku Tete ndi wa masiku atatu ndendende ngati munthu sakuchedwa. Ndinauyamba Lachisanu m'mawa pamodzi ndi azimayi awiri amene anali m'galimotomo ndi timatumba ta nyemba togulitsa: mayi wachikulire wolongolola, ndi mwana wa mchimwene wake, mtsikana wamtali wosaseka wamba, dzina lake Rozina. Musayang'ane kukhondeko, asiyeni agogo anu asankhe mpunga wawo, nkhaniyi ndikunena ndine.

Tsono kale munthu wa paulendo nsapato za chikopa sankaziyendera. Ankazimanga zingwe pamodzi n'kuzikoleka paphewa, iye n'kumayenda ndi nkhwayira za matayala, ndipo akafika pa mtsinje womaliza ankasamba mapazi, n'kuvala nsapato zija, n'kulowa m'tauni ngati bwana. Mwambo umenewo ndinkaudziwa bwino. Koma nkhwayira zanga ndinazisiyira mng'ono wanga ponena kuti ine tsopano ndine wa m'tauni, ndipo pamaso pa mtsikana sindikanalola kuoneka wopanda nsapato.

Tisanapite patali Rozina anandiyang'ana kumapazi, thumba lili pamutu, n'kundifunsa kuti, “Achimwene, nsapatozo zikukudziwani?”

Ine ndinati, “Ndi zanga, achemwali.”

Iye anati, “Sindinafunse mwini wake. Nsapato imene sikukudziwa imaluma ngati galu wa eni. Muzizivula popuma paliponse, mapazi aume.”

Ndinangoseka, mumtima n'kumati wa nyemba angandiphunzitse chiyani za nsapato. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine tsiku limenelo makutu ndinali nditawasiya ku Tsangano.

Inu simungadziwe mmene msewu umenewo unalili. Unali mwezi wa Otubulu, womwe ena amati Okutobala, ndipo dzuwa la ku Tete mukulidziwa, limene limachititsa mbuzi kubisala pansi pa galimoto. Koma chovuta chinali china. M'mbali mwa msewu, pa dothi lofewa pamene phazi likanapumira, munthu sankapondapo, chifukwa munali mabomba okwirira amene anali asanachotsedwe. Aliyense ankayenda pa phula penipeni, ndipo popuma tinkapumira pokhapo pamene paoneka kuti anthu ndi ziweto amapondapo masiku onse.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva kutentha pa chidendene cha kumanzere, pamalo pang'ono chabe, ngati kakhala ka moto kagwera m'nsapato. Lusiya, Amina, mverani pamenepa, chifukwa mankhwala onse a matuza ali pa kamphindi kameneka. Thuza silibwera mwakuba, limayamba laodira. Ukamva kutentha kumeneko, ukaima, ukavula, ukapukuta, ukaikapo kansalu kapena pulasitala, thuza limabwerera pakhomo. Ine sindinaime. Popuma ndinkaona Rozina akuvula nkhwayira zake, akukutumula mchenga, akupukuta pakati pa zala ndi nsonga ya kapulana, chitenje chake chija, akudzola timafuta ta nsatsi pamene lamba amadutsa, n'kuyanika mapazi kumphepo, ndipo ankachita zimenezi mosathamanga, nthawi iliyonse chimodzimodzi. Ine ndinkangokhala chapatali nsapato zili kuphazi, meya zanga, masokosi a nayiloni, zili chonyowa ndi thukuta.

Madzulo Rozina anandiuza kuti, “Mwayamba kuponda ndi zala.”

Ndinati, “Ndi mmene ndimayendera.”

Tinagona pakhomo pa anthu ku Kapirizanje, ndipo m'mawa wa Loweruka ndinakankhiranso mapazi m'nsapato zija ndikuluma mano. Ndinayenda mpaka cha m'ma onze ora, dzuwa likuyandikira pamutu, ndipo titafika pa chitsime china pamene bambo wina ankagulitsa makala, miyendo inangokana. Ndinakhala pansi, ndipo povula nsapato meya inakanirira pakhungu. Chidendene cha kumanzere chinali ndi thuza lalikulu ngati dzira la nkhunda, lodzaza madzi. Cha kumanja chinali chitaphulika kale, khungu litasendeka, mnofu uli psuu, ndipo tizala tating'ono tonse tiwiri tinali titatupa. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinaona thabwa lija la kapitawo m'maso mwanga, ndinaona mayi anga akudikira pakhomo, ndipo misozi inatsika pang'ono.

Mwawamva agogo anuwo? Akuti ndisakunamizeni, ndinalira ngati mbuzi yomangidwa. Chabwino aNambewe, ndinalira, pitirizani ndi mpunga wanu.

Pamenepo aliyense anasanduka sing'anga. Wa makala uja anati tithirepo mafuta a mabuleki, akuti madalaivala onse amatero. Azakhali ake a Rozina anati tidule khungu lonse ndi lumo, tipakepo phulusa. Rozina anatula thumba lake, anayang'ana mapazi anga nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Mafuta a galimoto ndi a galimoto. Phulusa ndi la m'munda. Bambo, tabwerekeni kachitini ndi moto.”

Azakhali aja anamukokera pambali, koma mawu awo ankamveka mpaka kutsidya kwa msewu. “Iwe Rozina, mapazi a mwamuna amagwira ndi mkazi wake. Uyu si m'bale wako, si bwenzi lako. Anthu akamva kumudzi adzati chiyani?”

Iye anati, “Adzanena, azakhali, pakamwa ndi pawo. Koma akamva kuti tinasiya munthu pamsewu adzanenanso.”

Anawiritsa madzi m'chitini, anathiramo mchere wa paulendo, anadikira kuti azizire, ndipo anasamba m'manja ndi kachidutswa ka sopo asanandikhudze. Anatsuka mapazi onse awiri, ine ndikuyang'ana kumwamba ndi manyazi. Matuza aang'ono a m'zala sanawaboole, anati amenewo aphwa okha. Lalikulu lija, loti likanaphulika lokha poyenda, anatenga singano yake yosokera, anaiwotcha pamoto mpaka kufiira, anaisiya kuti izizire, n'kuboola m'mphepete, pansi penipeni, kawiri. Anafinya pang'onopang'ono madzi onse n'kutuluka, koma khungu la pamwamba sanalichotse. Anati, “Ili ndi denga lake, mukalisasula mvula ilowa.” Pa chilonda cha kumanja anabwezeretsa kakhungu kotsalako, osapakapo kanthu.

Kenaka anachita chinthu chimene sindinachionepo kwa munthu wina aliyense. Anamasula mtolo wake n'kutulutsa kapulana yatsopano ya maluwa achikasu, yochapa bwino, imene ankasungira kukavala polowa m'tauni, ndipo anaing'amba m'mphepete, azakhali ake akugwira pakamwa. Anapota timizere ta nsaluyo n'kupanga tinkhata, ngati nkhata imene amayi amaika pamutu posenza mtsuko, koma tating'ono ngati chibangili cha khanda. Anaika kankhata kamodzi kuzungulira thuza lililonse, thuzalo lili pakati pa bowo, anaphimba ndi kansalu koyera, n'kumanga. Anati, “Nkhata imasenza katundu kuti mutu usamve. Iyinso isenza, thuza lipume.” Masiku ano ndimaona m'mafamasi akugulitsa timapulasitala tobooka pakati, tokwera mtengo, ndipo ndimangoti anachedwa, wa nyemba anayamba kale.

Tsiku limenelo tinayendako pang'ono chabe dzuwa litapepa, ine ndikukoka mapazi, ndiye theka la tsiku linatayika chifukwa cha ine. Zimenezi zinatanthauza kuti Lamulungu tiyende kuyambira m'bandakucha osapumira dzuwa la masana monga ankachitira anthu anzeru. Nsapato zija sizikanalowanso, ndipo kuponda phula ndi zilonda sikukanatheka. M'mawa ndinapeza nkhwayira za Rozina zili pafupi ndi mutu wanga. Mapazi a agogo anu mukuwadziwa, ndi otambalala ngati khasu, ndiye nkhwayira zawo zinandikwana bwino, malamba ake ofewa ndi ulendo, osakhudza pa zilonda. Koma nsapato zanga kwa iwo sizinalowe ngakhale zala.

Ndinamufunsa kuti, “Nanga inu muyenda bwanji?”

Anati, “Anga ndi chikopa cha ng'ombe, ndinathawa nawo nkhondo. Ndikulunga masaka. Tsogolani, ine ndimayenda bwino ndikamaona msana wa munthu.”

Pano ndinene zoona, popeza ndakalamba ndipo bodza silindithandizanso. Ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Ndinkadziwa kuti phula la ku Tete masana limapsereza ngakhale phazi la galu, ndipo ndinkadziwa kuti chisaka sichingapirire tsiku lonse. Koma ndinkafuna ntchito, ndiye ndinatsogola, ndipo sindinacheuke kawirikawiri.

Tinadutsa Moatize, tinawoloka Revubwe, tinadutsa kuno ku Matema, kumene nthawi imeneyo kunali minga ndi mbuzi ndi tinyumba towerengeka, osati mipanda ndi tizithuthuthu mukuonati. Popuma paliponse Rozina ankayamba ndi ine, kumasula, kuona ngati nkhata zasuntha, kupukuta thukuta, kumanganso, ndipo ankakhala atapinda miyendo, mapazi ake atawabisa m'nsalu. Azakhali ake olongolola aja tsiku limenelo anali chete, ndipo ine wopusa ndinkati atopa. Tinakwera mlatho waukulu wa Zambezi dzuwa likupendeka, ndipo titatsikira cha ku Nyatanda tinasiyana, iwo kupita kwa abale awo ku Kanongola, ine kwa malume. Rozina anangondiuza kuti, “Usiku mumasule zipume, m'mawa mumangenso. Nkhwayira mudzabweze mukatha mayeso.”

Sigunda seti ora ndinali pamzere. Anthu anandiseka, mwamuna wamkulu ndi tinsanza ta maluwa achikasu kumapazi, ndipo wina anafunsa ngati ndabwera kudzavina. Kapitawo anayang'ana mapaziwo, anandiyang'ana kumaso, n'kuloza thumba. Ndinalisenza, ndinaponda thabwa, ndipo ululu unalipo koma unali patali, nkhata zija zitausenza. Ndinakwera, ndinatula, ndinatsika, osatsimphina ngakhale kamodzi. Anati, “Dzina?” Ntchito imeneyo ndinaigwira zaka zambiri, inadyetsa mayi anga, inaphunzitsa abale anga, ndipo malata a nyumba ino anachokera pamenepo.

Nditaweruka ndinagula buledi awiri n'kupita ku Kanongola, nkhwayira zili m'manja, mtima uli m'mwamba. Azakhali aja anandilandira ndi nkhope yolimba, n'kungoloza kuseri kwa nyumba. Rozina anali pamphasa, mapazi ali m'beseni. Atawatulutsa ndinagwetsa buledi. Pansi ponse pa mapazi ake panali thuza limodzi, kuyambira ku zala mpaka ku chidendene, pena pophulika, pena ulusi wa chisaka utalowa m'mnofu. Sakanatha kuima. Mtunda wonse uja kuchokera ku Moatize anauyenda choncho, thumba la nyemba lili pamutu, akuona msana wanga.

Azakhali anati, “Mwaiona ntchito yanu? Mwaipeza ndi mapazi a mwana wa eni.”

Rozina sanawalabadire. Anandifunsa kuti, “Akulembani?”

Ndinati, “Andilemba.”

Anati, “Ndiye basi.”

Ndinagwada n'kumufunsa chifukwa chimene anachitira zimenezi kwa munthu wosamva ngati ine. Anayankha ngati akunena mtengo wa tomato. “Nyemba zanga zikanadikira. Sigunda yanu sikanadikira.”

Ndakhala zaka zambiri, ndaona anthu olimba mtima pa nkhondo ndi pa njala, koma ndikamati munthu wolimba ndimaona mtsikana ameneyo pamphasa paja. Ndinakokera beseni lija kwa ine, ndinasamba m'manja monga anandionetsera, n'kuyamba kuchotsa ulusi umodziumodzi. Azakhali anaima n'kutiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, “Iye wagwira anu, inu mwagwira ake. Nkhani imeneyi mukaifikitse kwa malume ake, ine yandikulira.” Patapita masiku awiri phazi limodzi linayamba kufiira mozungulira, kutuluka mafinya, thupi n'kutentha, ndipo pamenepo Rozina yemwe anati izi zapitirira mchere ndi singano. Ndinamukweza pa njinga ya malume mpaka kuchipatala, kumene anamwino anatikalipira chifukwa chochedwa, koma anayamikira kuti sitinapakepo zinyalala. Anakhala masabata atatu asanaponde pansi, ndipo kwa malume ake ndinakafikadi mvula itagwa.

Ndiye Lusiya mdzukulu wanga, nsapatozi uyambe kuzivala lero. Upite nazo kumsika, upite nazo kuntchito, zikudziwe Loweruka lisanafike, ndipo ngati zikuthina ukasinthe, usazinyengerere. Utenge meya ziwiri zokhuthala, osati za nayiloni, ina ikanyowa uvale ina, ndipo zikhadabo uwenge. Ukamva kutentha kuja uime pomwepo, ngakhale anzako akuseke, chifukwa kuima kamphindi n'kwabwino kuposa kunyamulidwa. Ndipo iwe Amina, iwenso Lusiya, mukamakwera muzicheuka. Amene ali pambuyo panu osadandaula ndi amene muzimufunsa kuti avule muone.

Ndimakumvani ndithu mukamanong'onezana kuti agogo aamuna anadyetsedwa kondaine, mwamuna wanji wotsuka mkazi mapazi tsiku ndi tsiku. Agogo anuwa tsopano ali ndi matenda a shuga, ndipo mapazi awo samvanso bwino, moti thuza likhoza kubwera iwo osadziwa. Anamwino anati munthu wotere thuza saboola yekha, ndipo pafunika wina woyang'ana mapaziwo madzulo aliwonse, pansi pake ndi pakati pa zala. Anafunsa kuti kunyumba alipo woti angachite zimenezo, ndipo ine ndinati alipo, anachedwa kucheuka kamodzi, sadzachedwanso.

Dzuwa lapendeka. Lusiya, tenga beseni lija, uthiremo madzi ofunda, uyese ndi chigongono chako asatenthe. ANambewe, siyani mpungawo ana amalize, bweretsani mapaziwo kuno.